Phunziro la Kugogoda

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinakwera masitepe a Valparaíso,
chikwama cha mafayilo chikundimenya m'nthiti,
nsapato zikutha chidendene cha kumanzere chokha.
Lero ndaima pamaso pa achinyamata makumi atatu,
choko m'manja, bondo likulira ngati chitseko cha dzimbiri,
ndipo silabasi ikuti sabata ino: Malamulo Oteteza Ana.

Malamulo ayambe adikira.
Tsekani mabuku. Ximena, tuluka panja,
ugogode.

Wagogoda katatu, go go go, ngati wapolisi.
Ayi, mwanawe. Ukatero amazimitsa wailesi,
mwana amamubisa kuseri kwa firiji,
amakuyankha ndi galu.
Bwerera ukaganize.

Ine anandiphunzitsa ndi mayi Edelmira Quiroz
a nyumba ya malata obiriwira pamwamba pa Cerro Cordillera,
amene anandisiya pakhomo maulendo asanu ndi umodzi,
mvula ya mu Julaye ikutsikira m'khosi mwa malaya anga.
Ulendo wotsatira anatsegula pang'ono,
diso limodzi, tcheni chili chikolekere:
"Mwabwera kudzawerenga mabedi kapena kudzandiona?"
Ndinabwera kudzawerenga mabedi.
Pa fomu panali kabokosi kake.
Ndinanama. Iwo anadziwa. Anandipatsabe tiyi
m'kapu yoduka chogwirira, ndipo ndinapsa zala
osaiika pansi, poti patebulo ndi pomwe panagona khanda.

Zimenezi pa mayeso palibe.

Palibenso Nibaldo wa zaka zisanu ndi zinayi,
amene ndinamuchotsa kwa bambo ake Lachinayi masana
ndi chikalata cha khoti chodindidwa bwinobwino,
iye atakumbatira nsapato imodzi ndi chithunzi cha timu ya mpira.
Ndinachita zoyenera. Mawu amenewa ndawabwereza
m'basi, m'bafa, ngakhale pa maliro a mayi anga.
Chaka chatha ndinakumana naye ku doko akukoka zingwe za sitima,
munthu wandevu tsopano, manja okakala.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati,
"Munali ndi ambulera yofiira."
Basi. Sanathokoze, sanatukwane.
Mpaka lero sindidziwa kuti ambulerayo
anaiika mbali iti ya mlandu wanga.

Baltazar wakweza mkono kumbuyo uko,
mnyamata amene amalemba chilichonse, ngakhale kutsokomola kwanga:
"Aphunzitsi, nanga munthu umadziwa bwanji kuti sunalakwe?"
Ndikanatha kumutumiza ku mutu wachinayi, ndime yachiwiri.
Ndamuuza kuti: sudziwa.
Umalemba tsiku ndi nthawi molondola,
dzina la mwana osaphonya chilembo,
umabwereranso Lolemba kumene anakutukwana Lachisanu,
ndipo usiku umadya. Wamva? Umadya,
chifukwa njala ya mnzako sichepa
poti iwe wagona m'mimba muli pululu.

Sanalembe. Aka n'koyamba.

Pa windo, chikepe chakale chikukwawa kukwera phiri,
nyumba zachikasu ndi zabuluu zapanikizana m'mbali mwake
ngati odwala pa benchi ya chipatala.
Zambiri ndikuzidziwa m'kati: pamene pamadontha,
pamene amabisa botolo, pamene amabisa ndalama ya buledi.
Mafayilo ake ndinatseka kalekale, ena mochedwa, ena msanga kwambiri.

Mwa ana awa, ena adzasiya zisanathe zaka ziwiri,
akagulitsa inshuwalansi ku Santiago, adzanenepa.
Sindidzawaimba mlandu.
Wina adzalira m'chimbudzi cha ofesi, mpopi atautsegula,
kenako adzapukuta kumaso n'kuitana wotsatira pamzere.
Ameneyo sindingamuloze lero. Sakhala amene ndimamuganizira.

Tamuiwala Ximena panja.

Go... go.
Kawiri, motsitsa, ngati wobwereka mchere.
Kenako ndamva nsapato ikubwerera m'mbuyo phazi limodzi,
kusiyira chitseko mpata wokana.
Zimenezo sindinamuuze ine.

Kalasi yonse yatembenukira kwa ine.
Ndakhala chete, choko chili m'manja.
Sinditsegula msanga.
Mayi Edelmira anandisunga pa mvula maulendo asanu ndi umodzi;
mwanayu apirire mphindi imodzi yokha.